Madzi a ku Michesi

Chikwatiwire, Anastazia sanalimbiranepo mwamuna ndi mkazi mnzake. Ankalimbirana ndi nsomba. Mwamuna wake, a Rodney, kalaliki wa boma wochokera ku Kasungu, anasiyiridwa nsombazo ndi mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Tinali tinsomba totalika ngati chala, tamizere yakuda ndi yoyera, tokhala m'thanki yagalasi pabalaza. A Rodney ankati ndi zebra pleko, kwawo ndi mumtsinje wina ku Brazil. Anastazia ankangoti timbidzi.

Timbidzito tinali ndi malamulo kuposa apongozi. Madzi azikhala ofunda ngati osambitsa khanda, hita isazime. Aziyenda, pampu izingoti ng'uuu tsiku lonse. Ndipo asakhale a pamjigo. A Rodney ankawathira m'kabotolo, n'kudonthezamo mankhwala oyezera, n'kupukusa mutu.

"Mchere wokhawokha. Suona kuti sopo sachita thovu? M'madzi otere sizingaswane. Zimafuna a m'phiri."

Naye Anastazia anali ndi ake malamulo. Kumsika ayi, ndiwo ankagula okha poweruka. Kwa amayi ake ku Nazombe ayi, pokhapokha maliro. "Mkazi wa muofesi sayendayenda," ankatero. Khomo linali limodzi lokha: Lachiwiri ndi Lachisanu ankapita kukatunga madzi pakamtsinje kotsika m'phiri la Michesi, chifukwa a Rodney sankakhulupirira munthu waganyu. Ankati akawatungira pachithaphwi.

Zigubu ankanyamula ndi Eneya wakabaza, amene Anastazia anakhala naye benchi limodzi kupulayimale.

"Madamu, nsomba zanu zadzuka bwanji? Zamwa tiyi?"

"Iwe, palasa njinga, usandiyambe."

"Ine ndingofunsa. Tsiku lina mudzandigwirireko kamodzi, ndilawe nsomba yogona pamagetsi."

"Ungakwanitse? Ndiwe wa matemba iwe."

Sankagwirana ngakhale dzanja. Koma kumtsinjeko Anastazia ankavula nsapato, n'kulowetsa mapazi m'madzi ozizira, n'kuseka mpaka nthiti kuwawa, Eneya akumuuza za ku Nazombe: yemwe wakwatiwa, yemwe wathawira ku Limbe, mbuzi ya amayi ake yomwe yaswa mapasa. Pobwerera ankamupempha kuti azipalasa pang'onopang'ono, eti madzi angatayike.

Kenaka mvula inagwa. A Rodney anabwera ndi diramu lapulasitiki, analekerera mvula yoyamba itsuke malata, n'kulitchera pansi pa denga. Atayeza madziwo anamwetulira ngati akwezedwa pantchito.

"Awa ndiye eni ake! Basi Ana, wapuma. Za kuphiri zatha."

"Koma bambo, ine sinditopa."

"Ndati wapuma."

Ngati kumunyoza, timbidzi tinawakonda madzi amvulawo. Tinayamba kuthamangitsana, ndipo m'mawa wina a Rodney anaunika ndi tochi m'kapaipi kadothi kamene kanali pansi pa thanki, n'kukuwa. Munali mazira, yaimuna itatseka pakhomo, ikuwakupiza ndi zipsepse.

Lachiwiri linadutsa. Lachisanu linadutsa. Anastazia ankaima pazenera n'kumayang'ana Michesi atavala mitambo, phiri lili pafupi chonchi ngati ungalikhudze. Tsiku lina Eneya anadutsa pamsewu atakweza mayi wina, n'kuliza belu osatembenuka. Anastazia anachoka pazenerapo.

A Rodney atapita kuntchito, iye anatenga ndowa ya madzi a pamjigo, ophikira aja, n'kuikhuthulira m'diramu. Anaima kaye. Anawonjezera ina.

Madzulo a Rodney anayeza monga mwa chizolowezi, asanathire m'thanki. Anayezanso. Anakanda m'mutu.

"Zasintha bwanji? Kapena malatawa ndi amene akuipitsa?"

"Kaya, bambo. Malata ndi akale awa."

"Ayi, sindingaike mazira anga pachiswe. Tibwerere ku madzi a m'phiri."

Anastazia anaweramitsa mutu kuti asaoneke mano. M'maganizo anali atavula kale nsapato.

"Mawa ndi Lachisanu," anatero motsitsa. "Ndilawirira."

"Iwe? Ayi. Nanga magetsi akuthimathima chonchi, mazira utawasiya ndi ndani? Pampu ikaima pamafunika munthu, azitunga ndi kapu n'kumathira kuchokera m'mwamba kuti madzi azipuma. Kukazizira uziviikamo botolo la madzi otentha. Mnyamata uja njira akuidziwa, azipita yekha. Wandionetsa kuti ndi wokhulupirika."

M'mawa mwake magetsi anathima a Rodney asananyamuke n'komwe. Anastazia anakhala pampando pafupi ndi thanki, kapu m'manja, kutunga, kuthira, kutunga, kuthira. Dzuwa litakwera anamva belu, kenaka kugunda kwa zigubu pakhonde.

"Odi kuno! Madamu, madzi aja!"

"Siya pomwepo."

"Simutuluka? Kumtunda kuja kwachita maluwa achikasu, mtsinje wadzaza mpaka pamwala wanu uja. Ndiye amayi anu akuti..."

Anadzuka, kapu ikudontha. Anayenda mpaka pachitseko, n'kugwira loko. Kumbuyo kwake madzi anali atangoti zii, ndipo kambidzi kamodzi kanali katatuluka m'miyala, kakukwera galasi, kakupuma mofulumira. Mazira akafa, a Rodney adzafunsa kuti iye anali kuti, ndipo adzadziwa kuti ndani anali pakhonde.

Anabwerera pampando.

"Akuti chiyani amayi? Kweza mawu, ndikumva konkuno!"

Eneya anayankha, koma mvula inali itayambanso pamalata. Anastazia anasiya kuthira kuti amvetsere. Sanamve kanthu. Anatunganso.