Mzere umene unanamiza a Mateyu

Kabuku ka malangizo a kompyutako kanali ka masamba khumi ndi awiri, koma Iness atangofika tsamba lachitatu anali atanyansidwa nako kale. Anakalemba ndi Luckson, katswiri wa makompyuta wa kulikulu ku Blantyre, m'Chizungu chofufuma ngati mandasi a yisiti wambiri. Tsopano abwana, a Yakobe, anali atakaponya patebulo pa Iness kuti akaike m'Chichewa, akuti n'cholinga choti zimene anachita a Mateyu zisadzachitikenso.

Zimene anachita a Mateyu! Pa ofesi ya bungwe lawo pa Mwanza Boma, bungwe lothandiza alimi a manachesi, nkhaniyo inkakambidwa choncho, ngati munthu wagwidwa ndi mbuzi ya eni. A Mateyu anali mlangizi wa kumunda, bambo wa imvi, wosadziwa kukweza mawu. Anapalasa njinga masabata asanu ndi limodzi ku Thambani, kuyeza minda ya alimi oposa zana, kuwerenga mitengo, kujambula zithunzi, ndipo zonsezo anaziika mu foda yawoyawo pa laputopu ya ofesi. Lachisanu lina anataipa pa laputopuyo lamulo losesa mafayilo osafunika monga ankachitira sabata iliyonse, koma tsikulo anali mu foda yawoyo osati ya ntchito. Zonse zinapita, osagwera ngakhale mu bini ya kompyuta, mmene zofufutidwa zimatha kubwezedwa.

Ofesiyo inkasunga mafomu ake ndi pulogalamu yotchedwa Git, imene imakumbukira amene wasintha kanthu ndi tsiku limene wasinthira. Foda imene Git amailondera ankaitcha nkhokwe. Lamulo losesalo, git clean, ntchito yake ndi kuchotsa mu nkhokwe zinyalala, kutanthauza chilichonse chimene Git sanauzidwe kuti asunge. Ndiye pa tsamba lachitatu, mzere wachisanu ndi chiwiri, Luckson analemba kuti munthu asaope, lamuloli akalitaipa ali kunja kwa nkhokwe limakana ndipo silikhudza kanthu.

A Mateyu analumbira kuti anangotsata mzere umenewo. Luckson, ali ku Blantyre komweko, anagamula pafoni kuti zimenezo sizingatheke, ndiye kuti mdalayo anafufuta yekha n'kumanamizira kompyuta. Kalata inalembedwa, ya kusasamala pa ntchito ndi kunama. Lachisanu likubweralo a Mateyu anayenera kukaonekera pamaso pa abwana ndi Luckson, ndipo pa ofesipo panalibe amene ankakayika kuti ntchito iwathera.

Iness anali kalaliki wolowetsa zinthu mu kompyuta, osati katswiri. Koma anali ndi khalidwe limodzi limene anzake ankamuseka nalo: salemba chinthu chimene sanachiyese yekha. Kandimverere anakanena za m'maluwa, iye ankatero. Choncho mzere uliwonse wa kabukuko ankayamba wauyesa asanaumasulire, ndipo atafika pa wachisanu ndi chiwiri anapanga foda yongoyeserera pa kompyuta yake, n'kuikamo mafayilo atatu opanda ntchito. Anataipa lamulolo. Linakanadi, n'kunena kuti pano si pa nkhokwe, ndipo mafayilo atatu aja anali pompo.

Zinaoneka ngati a Mateyu ananamadi, ndipo zinamupweteka chifukwa ankawakonda. Anatsala pang'ono kumasulira mzerewo n'kupitirira. Koma laputopu imene inachitikira ngoziyo inali mu kabati pafupi pomwepo, ndiye anaitenga, n'kupanga foda ina yoteroyo, mafayilo atatu, lamulo lomwelo. Psiti! Onse atatu anapita, osafunsa n'komwe.

Masana onse a tsikulo Iness anali pafoni, akuwerenga malangizo a Git mwini wake, Chizungu chake chouma ngati chikonyo. Mpamene anamva chimene kabukuko sikananene. Git akaitanidwa sayang'ana foda imene munthu waima yokha. Akapanda kupeza chizindikiro chake pamenepo amakwera ku foda ya pamwamba, kenako ya pamwamba pake, mpaka atachipeza, ndipo akachipeza zonse za pansi pake amaziona ngati za mu nkhokwe. Chizindikirocho ndi kafoda kobisika. Iness anauza laputopu kuti ionetse zobisika, ndipo kanali apo, pamwamba penipeni pa mafoda onse a ofesi. Pa laputopu imeneyo kunja kwa nkhokwe kunalibe, makina onse anali nkhokwe imodzi, ndipo ntchito ya a Mateyu inaoneka ngati zinyalala.

Tsiku limene kafodako kanapangidwa linali 14 Malichi, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Iness analikumbukira bwino tsikulo. Linali la maphunziro, ndipo laputopuyo inali m'manja mwa munthu mmodzi yekha kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro, akuonetsa pa pulojekita mmene nkhokwe imayambidwira, akutafuna chingamu.

Munthuyo anali Luckson, ndipo Iness anamuimbira foni. Mnyamatayo atamva za kafodako anaseka. Anati aa, kameneko ndi kakang'ono, Iness angokafufuta basi, nkhani yatha. Iness atafunsa za mzere uja, anati usasinthidwe, ndi woona, ndiponso anthu a kumudzi ukawalembera zambiri umangowasokoneza mitu. Atafunsa za a Mateyu, anati mdalayo anali atatopa kale, mwina ndi nthawi yoti akapume.

Iness anadula foni. Munthu kulakwitsa si nkhani, aliyense amalakwitsa. Chimene chinamunyansa ndi kusekako. Kafodako sanakafufute. Laputopu anaitsekera mu kabati, kiyi n'kuika m'chikwama chake, ndipo m'malo mwa mzere umodzi uja analemba ndime yathunthu. Analemba kuti lamuloli limakana pokhapokha ngati palibe chizindikiro cha Git mu foda imene muli ngakhale mu mafoda onse a pamwamba pake, kuti maso paokha sangakuuzeni chifukwa chizindikirocho chimabisika, ndi kuti musanasese muziyamba mwafunsa Git kuti nkhokwe yayambira pati ndi zimene akufuna kuchotsa. Anaonjezera kuti zochotsedwa ndi lamuloli sizipita mu bini.

Lachisanu Luckson anafika pa galimoto ya bungwe, atavala jekete ngakhale kunja kunkatentha. Asanapereke n'komwe moni anafunsa laputopu, akuti aione pang'ono msonkhano usanayambe. Iness anayankha kuti kiyi ali naye ndipo laputopu ibwera mu msonkhano momwemo. Anamuyang'ana m'maso mpaka mnyamatayo anayamba kusisita foni yake.

A Mateyu anakhala kumapeto kwa tebulo, chipewa pa bondo. A Yakobe atawerenga kalata ija, Iness anapempha kuti alankhule. Analumikiza laputopu ku pulojekita, n'kuonetsa pakhoma foda yatsopano, kutali ndi nkhokwe ya ntchito, muli mafayilo atatu. Anawerenga mokweza mzere wachisanu ndi chiwiri, n'kutaipa lamulo losesa, koma batani lomaliza sanadine. Anakankhira laputopu kwa Luckson.

"Dinani ndinu, achimwene. Mzerewu ndi wanu."

Luckson sanadine. Anayamba kulankhula Chizungu, mawu ataliatali, za mmene makina amasiyanirana, za kufunika kwa maphunziro ena. Analankhula mpaka a Yakobe anatopa, anatambasula dzanja n'kudina okha. Mafayilo atatu aja anazimiririka pakhoma anthu onse akuona. Kenako Iness anaonetsa kafoda kobisika kaja ndi tsiku lake, osatchula dzina la munthu. Panalibe chifukwa, onse m'chipindamo analipo pa 14 Malichi.

Mukuganiza kuti wina anapepesa? Ayi ndithu. A Yakobe anakhosomola, anapinda kalata ija kawiri n'kuilowetsa m'thumba la malaya, n'kunena kuti pa ntchito sitilozana zala, chofunika ndi chakuti tonse taphunzirapo kanthu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo makompyuta onse a bungwelo anali m'manja mwa Luckson. Anagamula kuti a Mateyu apitiriza ntchito, ndipo Lolemba abwerere ku Thambani akayambirenso kuyeza minda ija, mvula isanayambe. Luckson anayamikira ndime ya Iness, anati ndi zimene iyenso ankaganiza kuonjezera, amutumizire kuti aiike m'kabuku ka Chizungu. Atatero anafunsa ngati pa Boma pali malo abwino odyera.

Iness anatsala yekha m'chipindamo akukulunga mawaya. Masabata asanu ndi limodzi a munthu wamkulu, panjinga, m'mapiri a ku Thambani, ndipo mwini kulakwa akufunsa za nkhuku yootcha. Anamva kunyansidwa ndi onse, ndi jekete lija, ndi kukhosomola kwa abwana, ngakhale ndi iye mwini chifukwa chosatchula dzina.

Atatuluka anapeza a Mateyu ataima pakhonde pafupi ndi njinga yawo. Ankaganiza kuti amuthokoza, ndipo anali atakonzeka kuwauza kuti asavutike. Koma iwo anangofunsa, motsitsa mawu, ngati ndime ija ingasindikizidwe pa pepala, ya Chichewayo.

Iness anati kabuku konse katuluka sabata yamawa, aliyense alandira kake.

"Ayi mwanangu, ndikufuna lero," anatero a Mateyu, akupotokola chipewa chija. "Ndikawaonetse mayi akunyumba. Masabata awiri onsewa ndakhala ndikuwauza kuti mwina mutu wanga wayamba kutha, moti anayamba kundibisira makiyi a nyumba kuti ndingataye."

Iness anabwerera mu ofesi. Anasindikiza tsambalo, ndipo pansi pa ndimeyo analemba ndi bolopeni tsiku limene anayesa, laputopu imene anayesera, ndi dzina lake lonse. A Mateyu anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere uliwonse, mpaka pa mawu akuti maso paokha sangakuuzeni. Pamenepo anaima, anawerenganso kachiwiri. Kenako anapinda pepalalo bwinobwino, analiika m'kapulasitiki kuti lisanyowe ndi thukuta, n'kukwera njinga.