Mauthenga Odikira Chingwe

"Ndipatseni foniyo ndione ndi maso anga," anatero Idalina ataima pakhomo pa mayi Tchuca, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali chifunga.

"Iwe mwana, ndakuuza kuti sindinatumize kanthu. Nditumiza bwanji chingwe chili chodukachi?"

"Mwatumiza, amayi. Nonse mwatumiza. Ndipatseni."

Mayi Tchuca anapisa dzanja m'thumba la epuloni akung'ung'udza. Idalina anatsegula pa dzina la mng'ono wake Dulce, ndipo unalipodi: uthenga wa mawu wa mphindi zinayi, pambali pake pali kachizindikiro ka wotchi kosonyeza kuti sunapite. Ataudina, mawu a mayi Tchuca anabuma m'kanyumbamo mpaka nkhuku inathawa pakhomo. "Dulce iwe-e! Bambo ako atisiya-a! Tawaika popanda iwe-e!"

"Nanga ndalakwa?" anatero mayiwo misozi ili lengelenge. "Si ine ndinamunyamula pa ubatizo mwana ameneyu? Ndisalire naye?"

"Mudzalira naye ine nditamuuza. Ndifufute?"

"Mphindi zinayi zonsezo? Ndinalira bwino tsiku limene lija, iwe."

Idalina anafufuta.

Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi chimwalirireni a Ovidio, bambo ake a Idalina ndi Dulce, ndipo panali patatha milungu iwiri chidukireni chingwe cha pansi pa nyanja chimene chimabweretsa netiweki pa chilumba cha Brava. Mafoni onse anali zii. Nyanja nayonso inasankha nthawi yomweyo kukwiya, moti sitima ya anthu sinakocheze pa doko la Furna ngakhale kamodzi. Bambowo anagwa m'mawa atangomwetsa mbuzi, mawa lake anaikidwa, ndipo Dulce, amene amasamalira okalamba ku Brockton, ku America, mpaka tsikulo sankadziwa kuti ndi wamasiye.

Koma zala za anthu a kwathu kuno sizimva. Abale athu ochuluka ali ku America kuposa amene ali pa chilumba pano, ndiye munthu akangomva chinthu, chala chili kale pa foni. Chingwe chiduke, chisaduke, amalankhula, n'kudina, n'kubweza m'thumba, mtima n'kukhala pansi ngati uthenga wapita. Supita ayi. Umangokhala momwemo kudikira. Idalina anazindikira zimenezi dzulo lake ataona msuweni wina akulankhula ndi foni kuseri kwa khitchini. Tsiku limene chingwe chidzalumikizidwe, mudzi wonse udzagwera Dulce pa kamodzi.

Ndipo Dulce zinamuchitikirapo kale. Mchimwene wawo Nataniel atamira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, iye anaona chithunzi cha bokosi pa foni ali m'basi, wa kubanja asanamuuze. Anakomoka, anamutola ndi anthu osamudziwa. Zaka ziwiri zathunthu sanalankhule ndi aliyense wa kwawo. Atayambanso kuyankha, Idalina analumbira pa dzina la malemuyo kuti uthenga wa maliro sudzamupezanso motero, adzaumva pakamwa pa wa m'nyumba. Tsopano Dulce anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mimba yoyamba, atayembekeza mpaka anthu kuleka kufunsa.

Idalina anayesa njira yomwe inalipo. Kupolisi kunali foni imodzi yodutsa m'mwamba, yosadalira chingwe, ndipo aliyense ankapatsidwa mphindi zitatu. Anaima pa mzere kawiri, dzuwa likumuswa. Kawiri konse Dulce sanayankhe, chifukwa nambala yachilendo sayankha ali pa ntchito. Makina anati asiye uthenga. Idalina anangodula. Imfa ya bambo n'kuisiyira makina? Ayi ndithu.

Atachoka kwa mayi Tchuca anatsetsereka njira ya miyala mpaka pa kagolosale pomwe asodzi ankakhala chifukwa chosowa kolowera. Wailesi inali pa kauntala. Msuweni wake Bemvindo, yemwe uja anajambula bokosi la Nataniel, atamuona anabisa dzanja kumbuyo.

"Achemwali, mwabwera kudzatilanda? Tamva kuti mwasanduka apolisi a mafoni."

"Bweretsa."

"Ine ndilibe kanthu. Mufunse awa. Chingwe chinatafunidwa ndi shaki, nditumiza pa chiyani?"

"Shaki wake uti?" anaseka mkulu wina ali ndi kapu ya kachasu wa nzimbe. "Ndi nangula wa sitima za eni ake zija. Shaki ali ndi nzeru kuposa iwe, sangalume chinthu chosadyedwa."

Idalina sanaseke nawo. Anatambasula dzanja osalibweza mpaka Bemvindo anapereka. Munali zithunzi zisanu ndi zitatu: bokosi la a Ovidio likutuluka m'nyumba, bokosi pa mapewa, dzenje, amayi ake a Idalina atagwiridwa mbali zonse. Zonse zinali zolunjika ku gulu la achibale momwe Dulce analimo.

"Bemvindo," anatero, "unatsala pang'ono kundiphera m'bale wanga ulendo uja. Sizinakukwane?"

"Ndimati a kunja aone kuti tinawaika mwaulemu. Amatinena kuti sitisamala."

"Fufuta wekha. Ndikuona."

Akufufuta, mwini golosale anakweza wailesi. Wolengeza anati sitima yokonza yapeza nsonga zonse ziwiri za chingwe, yazikweza pamwamba, ndipo amisiri akulumikiza. Netiweki ikhoza kubwera mawa, mwinanso lero lomwe. Asodzi anaomba m'manja. Idalina anatuluka akuthamanga.

Abale inu, munthu wolira bambo ake amayenera kukhala pansi m'nyumba, anthu n'kumabwera kudzamugwira dzanja. Idalina anakhuza maliro ali chiimire, khomo ndi khomo, diresi lakuda litayera ndi fumbi. Ena anapereka mafoni mwachifundo. Ena anamufunsa ngati Dulce ndi wake yekha. Mphunzitsi wina wopuma anakana kwamtuwagalu, akuti analemba mawu achipepeso okongola amene sangawakumbukirenso, mpaka Idalina anagwada pa miyala. Akadzuka apo ankakumbukira wina amene anali pa maliro, wa kumtunda uko, n'kuyambanso chitunda. Maso anali pa foni yake, kuopa kuti timizere ta netiweki titulukira iye ali pakati pa njira.

Anafika kunyumba cha m'ma 3 koloko miyendo ikukana. M'chipinda chochezera makandulo ankayaka pa tebulo la mtanda, limene linkayenera kuchotsedwa mawa lake ikatha misa. Amayi ovala zakuda anali ndandanda m'mbali mwa khoma, makapu a khofi m'manja. Amayi ake, a Ermelinda, panalibe. Anawapeza kuchipinda atakhala pa bedi, ndipo kuchokera pa khoma panali kachingwe kotchajira kolowa pansi pa pilo.

"Amayi, chimenecho n'chiyani?"

"Usakhudze."

Idalina anakweza pilo. Inali foni ya bambo ake, yong'aluka pakona, yoyaka, batire lodzaza. Mudzi wonse anauzungulira, nyumba yakeyake n'kuiiwala. Anatsegula pa dzina la Dulce. Mauthenga khumi a mawu anali mondondozana, uliwonse ndi kawotchi kake.

"Ababa? Ababa ankatumiza mauthenga?"

Zinali zovuta kukhulupirira. A Ovidio pa foni sankadutsa mawu asanu. Dulce akaimba ankangoti, "Uli bwino? Landira amayi ako."

"M'mawa uliwonse chidukireni chingwe," anatero a Ermelinda. "Ankapita kukhola, ndimawamva akung'ung'udza. Ankati mwana asadere nkhawa, adzamva zonse pamodzi."

"Mwamvera?"

"Si anga."

"Amayi, akapita amenewa, Dulce amva ababa ali moyo. Amva za mbuzi, za mvula, aseka, ayankha. Mukufuna acheze ndi munthu ali m'manda? Kenaka ine ndimuuze chiyani?"

"Ndiye ufufute mawu a mwamuna wanga ngati a Tchuca?"

"Ndinalumbira, amayi!"

"Unalumbira wekha. Iwe unawagwira dzanja, unawatseka maso, unaponya dothi. Mnzako atsale ndi chiyani? Mawu okhawa ndiye chuma chake."

"Basi ndingoizimitsa mpaka nditamuimbira."

"Ukazimitsa atayika."

"Satayika!"

"Ukudziwa bwanji? Unaipanga ndiwe?"

A Ermelinda anagwira foniyo mbali ina, Idalina mbali ina. Anakokerana ngati ana, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi mwana wake wa imvi kale, onse akulira, palibe wofuna kusiya. Ndipo m'chipinda chochezera china chake chinalira. Kenaka china. Kenaka nyumba yonse, m'matumba, m'zikwama, m'mabere, mpaka kwa aneba ndi kutsidya kwa chigwa.

"Chabwera!" anafuula mayi wina. "Chingwe chabwera!"

A Ermelinda anasiya foniyo. M'manja mwa Idalina timawotchi tija tinayamba kusanduka, woyamba wapita, wachiwiri wapita, wachitatu. Anaponya foniyo pa bedi, natulutsa yake, naimba. Sinalowe. Anaimbanso. Ingalowe bwanji chilumba chonse chikuimbira America nthawi imodzi? Kachitatu inalira kamodzi n'kuduka.

"Mayo ine," anatero. "Mayo, Dulce."

Anatolanso ya bambo ake. Onse khumi anali atapita, koma Dulce anali asanatsegule. Nthawi inalipobe yowafufuta asanawamve, ndipo chala chake chinali kale pa wotsiriza. Apo m'pamene anaona tsiku lake. Unali wa Lachinayi, 7 koloko m'mawa. Pokwana 8 koloko tsiku lomwelo iye anali akuyesa kuwadzutsa bambowo atagwa pakhomo pa khola.

"Amayi, uwu ndi wa tsiku lija."

A Ermelinda anaika dzanja pakamwa. "Usiku wake anagona chokhala, akuti chifuwa. Ndinati tipite kuchipatala, anati tidikire sitima."

Idalina anaudina. Poyamba kunamveka mphepo, ndi mbuzi ikukoka chingwe. Kenaka mawu aja, olemera, opuma pakati ngati a munthu wokwera phiri.

"Dulce, ndi ine, bambo ako. Ndili ndi nkhani. Ndi yanga, ndiye ndati uimve kwa ine mwini, usaimve kwa anthu. Sindikuona ngati chingwechi chindipeza." Anapuma nthawi yaitali. "Koma usamvere uli chiimire. Itana mwamuna wako akhale pafupi. Tenga madzi. Khala pansi kaye. Ine ndikudikira, sindili pa changu."

Ndipo anadikiradi. Kamzere ka uthenga kankayenda, koma mawu panalibe, kungomveka kupuma kwa munthu amene mpweya ukumuthera, akuusunga. Kunja anthu ankafuulira m'mafoni mwawo. Idalina anachotsa chala pomwe chinali, nakhala pa bedi pambali pa amayi ake.

Mphindi yathunthu itatha, a Ovidio anakhosomola pang'ono, nafunsa motsitsa.

"Wakhala, mwana wanga?"