Kapulogalamu Kamoni

Chipinda cha maseva, makompyuta aakulu oyendetsa ntchito za kampani, chinali pansi pa masitepe, chopanda zenera, chozizira moti juzi sinkavulidwa ngakhale kunja kutenthe. Mayi amene ankagwira ntchito mmenemo anzake ankamutcha Amawaya, ndipo ankamukumbukira pokhapokha intaneti ikavuta.

Lolemba m'mawa bwana anaimba foni.

"Pa seva yakale ija pali kapulogalamu kochezerana kamene kamangodziyendera kumbuyo. Tonse tinasamukira ku pulogalamu yatsopano. Kaimitseni, makinawo akudzawatenga Lachisanu."

Amawaya anakoka mpando, nalemba lamulo loimitsa, nadina batani. Seva sinayankhe kanthu, inangotsikira pa mzere wina. Tiyi asanazizire, foni inaliranso. Anali bambo wachikulire, wosunga katundu ku nthambi yakutali, amene iye anali asanamuonepo.

"Pepani mayi, kamoni kaja kakukana kulumikiza. Kapena ndakalakwira penapake?"

"Kamoni kati, bambo?"

"Kamene ndimapatsirapo anzanga moni m'mawa."

"Alipo amakuyankhani?"

Bamboyo anaseka pang'ono. "Ankayankha akalaliki aja, koma anapuma pa ntchito. Enawa ndi otanganidwa, sindiwaimba mlandu. Kuno ndimakhala ndi makatoni okhaokha. Ndikaona kadontho kobiriwira kayaka, ndimadziwa kuti uko kuli anthu."

Amawaya ankadziwa kuti kadonthoko kamangosonyeza kuti pulogalamu ikuyenda, sikawerenga anthu. Sanamuuze. Anangoti, "Tadikirani pang'ono," nalemba lamulo loyatsa. Ataona kuti yadzuka, anayang'ana amene alumikizidwa. Anali munthu mmodzi.

"Kayaka," anatero bamboyo. "Manja anu ndi amankhwala."

"Koma Lachisanu ndikazimitsiratu, bambo. Makinawa akupita. Ndikutsegulireni kwatsopano?"

"Anandiyeserapo. Kompyuta yanga ndi nkhalamba inzanga, zatsopano imazilavula."

Bwana sanafunse, Amawaya sananene. Sabata imeneyo ankafika, kupachika chikwama, kenaka kutsegula kapulogalamuko. Moni ankaupeza utafika kale. Bamboyo ankalemba pang'onopang'ono, zilembo zazikulu zokhazokha: kuti denga likudontha pakona, kuti mphaka waswera kuseri kwa matayala, kuti mwana wake wamkazi sanaimbe foni mwezi uno. Amawaya anamuuza za kanyumba kake, ndi za mchemwali wake amene anasamukira kutali. Anadabwa kuona kuti anali ndi zambiri zonena.

Lachisanu masana anthu onyamula makina anafika ndi ngolo yawo, naima pakhomo akusisita manja chifukwa cha kuzizira.

"Ndikuzimitsa tsopano, bambo," analemba.

Bamboyo anayankha: "ZIMITSANI MAYI. MWANDISUNGA."

Anaimitsa pulogalamu, nailetsa kuti isadzadzukenso yokha, kenaka anazimitsa seva yonse ndi kuzula mawaya kumbuyo. Anthuwo anaikweza pangolo, mmodzi akudandaula kuti ndi yolemera ngati mwala. Pamalo pamene inali panatsala fumbi ndi timabowo ta zomangira. Phokoso la m'chipindamo linachepa, ndipo Amawaya anakhala pampando kwa kanthawi, manja ali m'thumba la juzi.

Lolemba lotsatira anafufuza nambala ya ku nthambi ija, naimba. Foni inalira nthawi yaitali osayankhidwa. Mwina kunali lole yotsitsa katundu, mwina bamboyo anali kuseri ndi amphaka ake. Anaibweza pamalo pake, natenga sikuludiraiva, nakwera masitepe kukakonza pulinta ya ku ofesi ya bwana.