Zosima wa Pachilumba cha Odwala

Kodi mungalote amene anachotsa Zosima mu ukapolo? Mbuye wake sanapite naye kwa woweruza, ndipo palibe amene anamuveka chipewa cha omasulidwa.

Zosima anaomba nsalu m'nyumba ya mbuye wake Kalvisio, mumzinda wa Roma, zaka makumi awiri. Chifuwa chitamugwira mpaka kulavula magazi, anamunyamula pangolo n'kukamusiya pachilumba cha mumtsinje wa Tiberi, pakhonde la kachisi wa Esikulapio, mulungu wa odwala. Sanamusiyire chofunda ngakhale mkate. Koma mayiyu anakana kufa. Miyezi itatu itatha, anali akusesa pakachisipo ndi kusokerera zigamba pa zovala za odwala anzake.

Mbiriyo inamupeza Kalvisio. M'mawa wina anatulukira atanyamula chingwe.

"Iwe Zosima! Ona kunenepako. Tiye kunyumba, ubweya waunjikana."

Zosima ankaidziwa bwino ndodo ya munthuyu. Anadziwanso kuti akangowoloka mlatho wochokera pachilumbapo, adzafera pansalu. Anagwiritsa tsache lake.

"Pepani bambo, kodi ndinu yani?"

"Ukuti bambo? Ndine mbuye wako, galu iwe!"

"Mbuye wanga? Inetu sindikukumbukani. Matenda aja anandidya mutu."

Odwala anayamba kudzuka pamphasa zawo. Prisko, mlonda wa pakachisi, anayandikira akutsimphina.

"Akulu," anatero Prisko, "pano sitikoka munthu ngati mbuzi. Tidziwa bwanji kuti ndi wanu?"

Kalvisio anafufuma ndi ukali. "Funsani wina aliyense! Ndine ndinamubweretsa pano, pangolo yanga, ndi bulu wanga!"

"Ooh, ndinu amene munandibweretsa?" anafunsa Zosima mokweza, kuti ndi ogontha omwe amve. "Nanga munati chiyani ponditsitsa paja?"

"Ndinati ufere konkuno, usandithere tirigu! Tsopano poti sunafe, tiye."

Khonde lonse linaphulika ndi phwete. Nkhalamba ina yopanda mano inaseka mpaka kutsamwa.

"Mwamva nonse?" anatero Zosima. "Wanena yekha, sindinamupanikize."

"Tamva, mayi!" anayankha odwalawo. "Tikanena zomwezi kwa woweruza!"

Apo m'pamene Kalvisio anazindikira chimene pakamwa pake panachita. Anayang'ana Prisko, koma mlondayo anangoloza kumlatho ndi ndodo yake.

Zosima anaponda chingwe chimene chinagwa m'manja mwa bamboyo. "Ubweya wanuwo kaombeni nokha, Kalvisio. Zala muli nazo khumi ngati ine."

Lamulo la ku Roma linkati kapolo wodwala amene watayidwa pachilumbapo, akachira sabwereranso kwa mwini wake. Amene anamasula Zosima anali Kalvisio yemweyo, tsiku limene anakamutaya.