Mwendo wa Mbawala ku Kabulonga

Amock Sakala anabwera ku Lusaka chaka cha ufulu, koma mutu wake unatsalira ku Katete. Ntchito ya kunjanji itatha mu 1978, banja lake ku Chelstone linkadalira kamunda kamodzi, kamene a Mukuka, bwana wa ku Kabulonga, anamulola kulima m'mphepete mwa famu yawo. Panalibe pepala, anangogwirizana pakamwa. Masiku amenewo ufa unkasowa m'masitolo, ndiye kamundako kanali moyo wa ana asanu.

Kenaka mbawala inayamba kumudyera nyemba. Amock anaitchera msampha wa waya, m'mawa mwake n'kuipeza itakodwa.

"Tidye chabe mwakachetechete, atate ake Helen," anatero mkazi wake, Beatrice. "Muno ni mu tauni. Ba gemu, baja bolonda nyama za mutchire, sibaseka."

Koma pa nkhani ya ulemu munthuyu anali nkhutukumve. Kwawo, ukapha nyama m'dziko la eni, mwendo wathako umapita kwa mwini nthaka, ndipo wodya yekha ndi mbala. Amock anadula mwendowo, anaukulunga m'saka, anavala jekete lake la kutchalitchi, n'kupalasa njinga dzuwa lili pamutu mpaka ku Kabulonga.

Anapeza a Mukuka ali pakhonde ndi mlendo wovala yunifolomu yobiriwira. Akanadziwa bwanji, mwana wa munthu, kuti mlendoyo ndi woyang'anira nyama zakutchire, amene anabwera kudzaona ngati a Mukuka angapatsidwe chilolezo choweta nyama pafamupo? Anagwada, anaomba m'manja, n'kumasula saka lija, chiboda chili poyera.

"Bwana, nabweletsa gawo lanu. Nyama yafela pamalo panu."

Mlendo anaika kapu pansi. "Ba Mukuka, uyu ni munthu wanu? Laisensi ili kuti? Nyama zonse ni za Boma, olo zili pa famu yanu."

A Mukuka anayang'ana mwendowo, kenaka mlendoyo. Amock anali chigwadire, akumwetulira, kudikira kuti amuthokoze.

"Sinimuziba," anatero a Mukuka. "Aba ndiye bamene bakusiliza nyama. Nifunika kumanga waya."

Kukhoti Amock anavomera zonse, chifukwa sankaona choti abise. Anafotokozanso mwambo wake bwinobwino, anthu n'kumaseka. Woweruza anam'patsa miyezi isanu ndi umodzi ya ndende.

Atatuluka anapeza Beatrice atatumiza ana atatu kumudzi, popeza chakudya chinali chitasowa. Mkaziyo sanamukalipire, ndipo zimenezo zinamupweteka Amock kuposa ndende. Tsiku lomwelo anayenda pansi mpaka kumunda, ati mwina angakunkhe kachimanga kotsala.

Anapeza mpanda wa waya wautali kuposa munthu, wopanda khomo mbali yakeyo. Anaugwira ndi manja onse awiri. M'katimo mbawala zitatu zinkadya m'mizere imene iye anaunga ndi khasu lake, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inadzutsa mutu.