Sopo Wachikasu wa ku Makokoba

"Sopo ameneyu ngwabwino zedi, a Chisale," anatero a Lemson, akuweramitsa mutu pakhomo pawo. Mkazi wawo, Evelina, anangokhala chete kumbuyo, maso ali pansi.

Jasper Chisale anathokoza n'kupitirira. Munali mu 1938, ndipo kampani ina ya sopo ku Bulawayo inamutuma kuyenda khomo ndi khomo ku Makokoba, kusiya kachidutswa ka sopo watsopano wachikasu, kenako kubwereranso kudzamva maganizo a anthu. Khomo lililonse linayankha ngati la a Lemson. Jasper anakauza bwana wake kuti lokeshoni yonse yamukonda sopoyo, ndipo bwanayo analamula kuti Lolemba ayambe kuphika wambiri. Jasper mtima unakhala pansi. Wa ku Nyasalande ngati iye akachotsedwa ntchito, chitupa chake chinkatha mphamvu, ndipo iye sankafuna kubwerera kwawo chimanjamanja.

Loweruka anapeza mkazi wake, Loice, akuchapa malaya ake ndi sopo wakale wa mtanda.

"Wachikasu uja watha kale?"

"Ndinamubisa," anayankha Loice. "Satulutsa thovu m'madzi a kunowa, ndipo amasupula manja. Taonani."

Zala zake zinali zong'aluka, zofiira.

"Nanga bwanji aliyense anamuyamikira?"

"Munkafunsa ndani? Abambo a pakhomo, amene sanachapepo ngakhale kampango! Ndiponso munabwera ngati mlendo wonyamula mphatso. Ndani anganyoze mphatso mwini wake ali pomwepo?"

Jasper anachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka mantha. Anavala chipewa n'kupita kumpopi kumene amayi ankachapira. Sanafunse munthu. Anangoima potero n'kumayang'ana. Pamiyala yonse yochapirapo panalibe sopo wachikasu ndi mmodzi yemwe.

Evelina, amene pakhomo paja anali ngati wosalankhula, kumpopi anali ndi pakamwa.

"Hawu, baba Chisale, mwadzatichapira?" anafuula, anzake n'kuseka. "Amati safunsa anadya phula. Inu kufunsa munafunsa, koma phula mwadyabe!"

"Bwanji simunandiuze, mayi?"

"Amuna anga atayankha kale, ine ndikawatsutse pamaso pa mlendo? Angifuni, sindifuna! Mukanabwera kuno, bwenzi titakuuzani tsiku lomwelo."

Lamulungu lonse Jasper anakhala pakhonde, osadya bwino. Akangotseka pakamwa, sopoyo akanaphikidwa n'kuunjikana m'masitolo, ndipo mwina pakanapita miyezi asanatulukire wolakwa. Akaulula, bwana uja, munthu wa mtima wapachala, akanatha kumupitikitsa nthawi yomweyo. Chimene chinkamuwawa kwambiri chinali chakuti anayenda lokeshoni yonse osaganiza n'komwe zofunsa mkazi amene ankagona naye m'nyumba imodzi.

"Akakuchotsani tidzapita limodzi," anatero Loice madzulo. "Kwathu kulima sitinaiwale."

Lolemba m'mawa, pafakitale anyamata anali akukoleza kale moto pansi pa migolo. Jasper anawadutsa, n'kugogoda pachitseko cha ofesi.

"Ukufuna chiyani?" anafunsa bwanayo, osatukula mutu.

Jasper anavula chipewa.

"Bwana, zimitsani moto kaye. Ndinafunsa anthu osachapa."