A Cleophus Anagwa Nthawi Yanji?

Kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi a Cleophus Tubbs anali asanagwepo m'tchalitchi. Ena Mzimu ukawafikira ankagwa, amayi othandiza ovala zoyera n'kuwafunditsa nsalu, koma iwo ankangoima kumbuyo ngati mtengo wa magetsi. Mkazi wawo, mayi Odessa, anawapempherera mpaka mawondo anada.

"Inu a Tubbs, mtima wanuwo ndi wa simenti," ankawanena choncho.

"Tikagwa tonse akutoleni ndani, mayi?" iwo ankayankha akuseka.

Ndiye Lamulungu lija la chikondwerero cha mpingo, kwaya ili pakati pa nyimbo, a Cleophus anapinda mawondo n'kugwera pakati pa mabenchi. Mayi Odessa anakuwa ndi chimwemwe. Mnyamata wina wa kwaya atafuna kuwadzutsa, iwo anamugwira mkono.

"Usawakhudze! Ambuye akugwira ntchito yawo. Ndadikira nthawi yaitali ine."

Anawafunditsa okha nsalu yoyera. Pokweza maso anaona wotchi ya pakhoma, imene a Cleophus anapachika kuti abusa asamatalikitse ulaliki. Inali mphindi makumi awiri kupitirira 11 koloko. Anaikumbukira nthawiyo chifukwa nkhuku zinali mu uvuni.

Ulaliki unatalika ndithu. Anthu anatuluka kukadya pansi pa mitengo, ndipo aliyense ankawakumbatira mayi Odessa. Cha m'ma 3 koloko anatenga mbale ya nkhuku ndi mkate wa chimanga, nalowa kukawadzutsa amuna awo. Atavundukula nsalu anapeza pakamwa patakhotera kumanja, malovu atanyowetsa kolala. Maso anali otsegula. Anali akuwayang'ana, ndipo mayi Odessa sankadziwa kuti akhala akuyang'ana nsaluyo kwa maola angati.

Chipatala cha kudera lawo la ku Alabama chinali patali. Pamene ankamaliza kujambula mutu wa a Cleophus, nthawi inali itakwana 5 koloko. Dokotala, mayi wachitsikana wa mawu otsika, anatuluka kudzapeza mayi Odessa ali ndi mnzawo Verlene, mkulu wa amayi othandiza.

"Mayi Tubbs, amuna anu achita sitiroko. Magazi aundana n'kutseka mtsempha wa mu ubongo. Tili ndi mankhwala osungunula magaziwo, ndipo ena akalandira amayambanso kulankhula ndi kuyenda. Koma amaperekedwa asanathe maola anayi ndi theka. Tikachedwa, angathe kutulutsa magazi mu ubongo n'kuwapha. Munawaona komaliza ali bwinobwino nthawi yanji?"

Verlene anawerenga zala pansi pa chikwama, n'kuwatsina mayi Odessa pantchafu.

"Inali 1 koloko, adokotala," anatero. "Si choncho, Dessa? Abusa anali atatsala pang'ono kumaliza."

"Ndikufunsa mkazi wawo," anatero dokotala.

Verlene ananong'oneza mayi Odessa kukhutu. "Iwe, usandipusire pano. Kabodza kamodzi aka, Mulungu wakhululukira zazikulu. Ukufuna uzimusintha matewera mpaka kufa?"

Mayi Odessa anatseka maso. Anapempha Iye amene anaimitsapo dzuwa pakati pa thambo kuti anthu ake amalize nkhondo, kuti lero angolibweza ndi maola awiri okha. Sanapemphe zambiri. Koma m'maso mwawo munali wotchi ya pakhoma ija, mivi yake ili pomwe anaiona. Akanati 1 koloko, mwina a Cleophus akanadzawasekanso. Mwinanso akanafa usiku usanafike, ndipo akanakhala kuti awafunditsa kawiri ndi manja awo omwe.

"Anagwa mphindi makumi awiri kupitirira 11 koloko," anatero.

"Mukutsimikiza?"

"Ndinayang'ana wotchi. Ndinali ndi nkhuku mu uvuni."

Dokotala analemba. "Pepani kwambiri. Mankhwalawo sitingapereke. Tiwasamalira m'njira zina." Anazengereza asanafunse. "Nanga maola onsewa anali kuti?"

"M'tchalitchi," anayankha mayi Odessa. "Ndinaletsa anthu kuwakhudza."

Verlene anaimirira, napita kukaima pawindo atawafulatira.

Kenako mayi Odessa analoledwa kulowa. A Cleophus anagona pakati pa mawaya, dzanja lamanja lili gone pabulangete ngati si lawo. Mayi Odessa analigwira, koma silinabweze. Anayamba nyimbo imene amaimbira odwala, n'kuisiyira pa mzere woyamba.

"A Tubbs," anatero. "Ndine. Ndimayesa ndi Mzimu, bambo. Ndimayesa mwandiyankhira pemphero."

Milomo ya a Cleophus inagwedera. Anavutika, nkhope inafiira, koma chinatuluka ndi mpweya chabe. Msozi unatsika m'diso lakumanzere n'kulowa m'khutu.

Mayi Odessa anafuna chowapukutira. M'chikwama munalibe mpango. Munali nsalu yoyera ija, imene anaipinda osadziwa pamene ambulansi inkafika. Anaitulutsa, naiyang'ana nthawi yaitali, n'kuibwezera. Msoziwo anaupukuta ndi chala.

Namwino analowa kudzafunsa ngati kunyumba kuli masitepe, komanso ngati alipo wina wamphamvu woti azidzawathandiza kunyamula.

"Masitepe alipo asanu," anatero mayi Odessa. "Wonyamula anali iwowa."